Za Loweruka lija: tichotse matsenga pathebulo kapena ayi?

Yamikani
Mwaswera bwanji nonse. Ndakhala chete masiku atatu kuti mtima uyambe watsika, koma nkhani ya Loweruka ikundisowetsabe tulo. Amene munalipo kushopu kwa a Jere, kumene timasewera Warhammer, nkhondo yathu ya pathebulo ya tizidole ndi madayisi, munaona nokha. Asilikali anga amikondo 40 aja ndawaumba miyezi iwiri, mmodzimmodzi, dongo kukatapa ndekha kudambo ku Bembeke, kuwaotcha, kuwapenta usiku ndi tochi ya pafoni. Ndawaimika pathebulo, sanabaye ngakhale munthu mmodzi. Achemwali a Tadala angotola madayisi 6 a matsenga, kuponya, awiri agwa pa 6, basi anthu 22 kunyamulidwa kubwerera m'katoni. Otsalawo agwidwa mantha, liwiro mpaka kutuluka pathebulo. Umenewo unali ulendo wachiwiri wokha wosewera. Pempho langa ndi lakuti pagulu pathu pano tichotse matsenga akuluakuluwa. Nkhondo izikhala ya mikondo, mivi, akavalo ndi mizinga, kuti wopambana azipambana ndi mutu wake.

Mphatso
Ndili nawe mphwanga. Ine zinandichitikira mwezi wathawu.

Tadala
Achimwene a Yamikani, pepani ndithu. Ndinaona mmene nkhope yanu inagwera ndipo sindinakondwe. Tizidole tanu tija ndi tokongola kuposa tonse tili pagulu pano, zishango zake mpaka kuoneka mawanga a chikopa cha ng'ombe. Koma ndiloleni ndifotokoze mmene zinayendera, chifukwa si madayisi okha amene anakugwetsani.

Pa gawo la matsenga ndinaponya madayisi awiri a mphepo za matsenga, anagwa 5 ndi 4. Ndiye kuti ine ndinalandira madayisi 9 oponyera matsenga, inu munalandira 5 osukulutsira, poti wodziteteza amapatsidwa nambala yaikulu mwa ziwirizo. Ndinayamba ndi matsenga otchedwa Throne of Vines, madayisi atatu. Inu munawasiya adutse, munati mukusunga madayisi anu kudikira chachikulu. Pamenepo ndi pamene nkhondo inathera. Matsenga amenewo sapha munthu, koma amatchinjiriza wamatsenga wanga kuti matsenga akamubwerera, monga zimachitikira madayisi awiri akagwa pa 6, asapwetekeke, bola dayisi igwe pa 2 kapena kuposa. Atangodutsa amenewo, ine ndinalibenso choopa, ndiye ndinathira madayisi 6 onse otsala pa matsenga akuluakulu otchedwa Dwellers Below. Mukanasukulutsa oyambawo, sindikanalimba mtima kutero, chifukwa wamatsenga wanga ndi amene wanyamula gulu langa lonse.

Yamikani
Nanga ndikanadziwa bwanji kuti awiri agwa pa 6? Lamulo loti zikatero palibenso kusukulutsa ndi limene likundiwawa. Madayisi anga 5 anangondifera m'manja.

Aphunzitsi a Kamwendo
Yamikani, funso lako lili ndi yankho la masamu, ndipo ndikufuna aliyense alilembe penapake. Mukaponya madayisi awiri, mwayi woti onse agwe pa 6 ndi umodzi mwa 36. Madayisi atatu, mwayi wopeza ma 6 awiri kapena kuposa uli cha pa 7 pa 100 iliyonse. Anayi, cha pa 13. Koma mukaponya 6, umakwera kufika cha pa 26, kutanthauza kamodzi pa maulendo anayi alionse. Si tsoka lachilendo limeneli. Munthu amene wagwira madayisi 6 kutsogolo kwako muziyembekeza kuti angathe kudutsa popanda iwe kuyankhapo.

Chachiwiri, Dwellers Below amayesa mphamvu ya msilikali aliyense m'gululo payekhapayekha. Munthu wamba mphamvu yake ndi 3, ndiye amapulumuka dayisi ikagwa pa 1, 2 kapena 3. Theka limafa, chovala chachitsulo sichithandiza. Pa anthu 40 timayembekeza 20, iwe unataya 22. Ukanakhala ndi magulu awiri a anthu 20, matsenga omwewo akanachotsa anthu 10 okha, gulu linalo n'kumapitabe kutsogolo. Matsengawa amadya molingana ndi mmene waunjikira.

Madala Jere
Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, mwana wanga. Pabawo ukaunjika nkhomo zonse m'dzenje limodzi umaoneka wolemera, koma mnzako akapeza mpata amakokolola zonse kamodzi. Ndinakuona ukuimika anthu ako mizere inayi ya anthu 10, pakatikati pa thebulo, popanda nkhalango kapena kaphiri kokubisa. Ndinafuna kukutsina khutu koma woonerera salankhula.

Blessings wa ku Joni
Moni kumudzi konko. Kuno ku Johannesburg ndaweruka mochedwa, ndangowerenga zonse tsopano. Popeza buku mukugwiritsa ntchitolo ndinabweretsa ndine, ndiyankhepo. Limenelo ndi la Warhammer Fantasy Battle, kusindikiza kwa nambala 8, kwa chaka cha 2010. Dandaulo la Yamikani si lachilendo, anthu amene ndimasewera nawo kuno amene anayamba kalekale amalinenabe mpaka lero. Koma muone chimene opanga malamulo anachita. M'buku lomwelo anapatsa mphamvu zambiri magulu akuluakulu. Ukaimika anthu 10 pamzere uliwonse, mzere wina wowonjezera umaloledwa kumenya nawo. Ukakhala ndi mizere yambiri kuposa mdani, ngakhale wagonja pomenyana suthawa msanga. Ndi chifukwa chake Yamikani anaumba 40, sanalakwitse. Tsono mukachotsa matsenga akuluakulu, chimene chidzatsale ndi zigulu ziwiri zikuluzikulu kukumana pakati, kuponya madayisi mpaka dzuwa kulowa. Wopambana adzakhala amene waumba tizidole tambiri. Matsenga aja anaikidwa kuti chigulu chachikulu chikhale ndi choopa.

Osati ndikuwaikira kumbuyo pa zonse. Games Workshop, kampani yake ya ku Nottingham, inasiya masewerawa mu 2015 n'kuyamba Age of Sigmar. Pamene inabweretsanso dziko lakalelo mu 2024 pa dzina la The Old World, gawo lapadera la matsenga inalichotsa. Tsopano matsenga amaponyedwa apa ndi apo mkati mwa ulendo wako, ena posuntha, ena powombera, ena pomenyana, ndipo umaponya madayisi awiri okha n'kuphatikiza nambala yotengera msinkhu wa wamatsenga wako. Zothira madayisi 6 kulibenso.

Mphatso
Ndiye kuti eni akewo anaona kuti zinapyola muyezo. Ine ndimasewera ma Dwarf, amene pano timangowatcha Akafula. Alibe wamatsenga ngakhale mmodzi, ali ndi osula zitsulo olemba zizindikiro pa nkhwangwa ndi pa mizinga, ndipo amaposa ena posukulutsa. Koma Chisomo atandiponyera matsenga a Purple Sun of Xereus, chimpira chake chinangoyenda pamwamba pa mzere wanga. Amenewo amayesa changu, ndipo changu cha Akafula ndi 2. Pa atatu alionse amene chawakhudza, awiri amafa. Asilikali amene mapointi awo (mtengo wowalowetsera m'gulu) ndi okwera chifukwa cha zovala zachitsulo amafa ngati nkhuku za chitopa. Kumeneko ndichite chiyani? Miyendo yawo ndi yaifupi, amayenda mainchesi atatu okha, kuthawa sangathe.

Chisomo
Achimwene, tsiku limenelo mizinga yanu iwiri inali ikuwombera mafupa anga oyenda, amene ndimangowadzutsanso ndi matsenga a Invocation of Nehek. Wamatsenga wanga anaima poyera maulendo awiri athunthu. Mukanamulasa iyeyo, popeza ndiyenso mkulu wa nkhondo, gulu langa lonse likanayamba kuyoyoka lokha. Akufa oyenda amaima ndi mphamvu ya mwini wawo.

Mphatso
Zoona, pamenepo ndinaphonya.

Nangozo
Pepani ndilowererepo pang'ono ngakhale sindisewera. Ine ndili pagulu pano chifukwa mwana wanga Dalitso amabwera kumeneko, komanso ndine ndimakuotcherani tizidole tanu mu uvuni wanga. Sabata yatha anafika kunyumba akuti "mfiti yanga yapha anthu 15", agogo ake ali pakhonde. Mayi aja anasiya kudya. Inu mukudziwa zimene mawu amenewo amachita m'midzi mwathu muno. Agogo amamenyedwa, ena kuthamangitsidwa m'nyumba zawo, ena kuphedwa kumene, chifukwa wina wawaloza chala. Ndikudziwa kuti zanuzi ndi dongo ndi madayisi, ndaziona ndi maso anga, koma ndikupempha mawu amenewo asamatuluke pakamwa pa anawa.

Madala Jere
Mayi a Dalitso, mwalankhula bwino ndipo mushopu mwanga mawu amenewo asamvekenso. Tizinena kuti wamatsenga. Ndidzalankhula nawo anyamatawo ndekha Loweruka tisanayambe.

Tadala
Ndavomereza, amayi. Ndi chifukwa chakenso timati kusukulutsa ndi kutsirika, sitinena kulodza.

Aphunzitsi a Kamwendo
Zikomo mayi. Ndibwerere kwa Yamikani, amene akufuna nkhondo ya mizinga yopanda matsenga. Ndikufuna adziwe kuti ziwirizi zinabadwira m'nyumba imodzi. Masewera a nkhondo a pathebulo anayamba opanda matsenga konse. Ku Prussia, Kriegsspiel ya Reisswitz inaperekedwa kwa akuluakulu a asilikali mu 1824 kuti aziphunzirira ntchito yawo. H. G. Wells mu 1913 analemba malamulo osewerera tiasilikali ta ana, ndipo mizinga yake inali timizinga ta sipuling'i toponya timitengo. Matsenga anadzatchuka ndi Chainmail, ya Gary Gygax ndi Jeff Perren, mu 1971. Kumapeto kwa malamulo a nkhondo zakale anawonjezerako gawo la zinjoka ndi amatsenga. Ndipo taonani chimene anachita: mpira wamoto anaupatsa lamulo la chilegeni chachikulu choponya miyala, mphenzi anaipatsa lamulo la mzinga. Wamatsenga woyamba uja anali mzinga wovala mkanjo.

Tsono mzinga umachita chiyani pa nkhondo yeniyeni? Umabalalitsa anthu. Kale asilikali ankaima phewa ndi phewa chifukwa mkondo umafuna mnzako pambali. Zida zitayamba kupha anthu ambiri malo amodzi, asilikali anaphunzira kutayana, kubisala, kukumba maenje. Pathebulo pathu zinthu ziwirizi zilipo nthawi imodzi. Mkondo ukuti unjikanani, wamatsenga akuti balalikani. Kukoma konse kwa masewerawa, kwa ine, kuli pa kusankha pakati pa ziwirizo musanaponye dayisi ndi imodzi yomwe. Wamatsenga wa Tadala anayamba kugwira ntchito pamene Yamikani ankatulutsa tizidole m'katoni.

Yamikani
Aphunzitsi, ndamva. Koma mzinga ndimauona, ndimadziwa kumene waloza, ndingathe kutumiza apakavalo kukaugwira. Ndipo ukaphulika umaphulikadi. Wamatsenga wa achemwali anabisala mkati mwa gulu la oponya mivi, ma 6 awiri anagwa, zinayenera kumubwerera, koma anangoponya dayisi imodzi n'kutuluka wopanda ndi bala lomwe. Ngati matsenga alibe mtengo wolipira, ndiye si nkhondonso.

Tadala
Pamenepo sindikukutsutsani. Nanenso ndimaona kuti Throne of Vines ndi wotchipa poyerekeza ndi ntchito yake. Paja zikabwerera popanda chotchinga, wamatsenga angathe kuphulitsa anzake amene waima nawo, kuiwala matsenga ake, kapena kumezedwa osaonekanso. Mantha amenewo ndi amene amapangitsa dzanja kunjenjemera potola dayisi yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi. Ukawachotsa, kutola madayisi 6 sikufunanso kuganiza.

Madala Jere
Ndikufuna ndikuuzeni za kutali pang'ono, mundipirire. Ine ndakulira ku Lizulu, pamene msewu wa M1 ndiwo malire, mbali ino Malawi mbali inayo Mozambique. Nthawi ya nkhondo ya kumeneko tinalandira anthu othawa ambirimbiri, Ntcheu ndi Dedza yense. Masiku amenewo kunamveka mbiri ya gulu la Naparama la ku Zambezia, lotsogozedwa ndi Manuel António. Anyamata ankawatemera mankhwala n'kuwauza kuti chipolopolo sichingawalowe, ndipo ankathamangira adani a mfuti atanyamula mikondo ndi zikwanje. Malo ambiri adaniwo ankathawa. Mwini wakeyo anaphedwa mu 1991. Kale kuposa apo, abale athu Angoni a ku Songea analowa nkhondo ya Maji Maji, ya 1905 mpaka 1907, pamene Kinjikitile Ngwale ankapereka madzi oti zipolopolo za Ajeremani zisanduke madzi. Ku Mahenge anthu anathamangira mfuti zachiwaya ndipo anagwa ambiri zedi.

Sindikunena izi mopepuka, ndi anthu enieni anafa. Chimene ndikufuna muone ndi chakuti mankhwala aja sanaimitse chipolopolo, koma anasuntha miyendo ya anthu. Anapangitsa wamantha kupita kutsogolo, anapangitsa wa mfuti kutaya mtima. Ine ndikamaonerera masewera anuwa, matsenga amene amandigwira mtima si ophulitsa aja ayi. Ndi aja olimbitsa gulu kuti lisathawe, ochedwetsa apakavalo kuti afike mochedwa, ochititsa mdima kuti oponya mivi asaone. Amenewo amafanana ndi nkhondo imene makolo athu ankaidziwa. Inu anyamata mumangothamangira matsenga a nambala 6 pa mndandanda, ang'onoang'onowa mumawanyoza.

Chisomo
Agogo, zimenezo n'zoona. Mphepo zija, kutanthauza mitundu ya matsenga, zilipo 8, ya moto, chitsulo, moyo, thambo, mthunzi, imfa, zilombo ndi kuwala, koma pagulu pathu aliyense amangosankha moyo kapena imfa. Ya mthunzi ili ndi matsenga ofooketsa mdani, kumuchepetsa liwiro kapena mphamvu, palibe anaiyesapo.

Blessings wa ku Joni
Madala anena zimene masewera ena anatsata. Mu Kings of War, ya kampani ya Mantic, matsenga ndi ofatsa. Ena amakankha gulu la mdani kubwerera m'mbuyo, ena amachiza, ena amakankhira akufa oyenda kutsogolo kuti agwere mdani cham'mbali. Ndipo mmenemo suchotsa tizidole kamodzikamodzi, gulu limakhala lathunthu mpaka litasweka lonse. Yamikani akanaona anthu ake 40 ali chiimire nthawi yaitali.

Dalitso
Moni akuluakulu. Ine ndili ndi tizidole 12 tokha. Palibe masewera oti ndingasewere ndi timeneti osabwereka?

Aphunzitsi a Kamwendo
Alipo, Dalitso. Frostgrave, ya Joseph McCullough, inatuluka mu 2015. Umakhala ndi wamatsenga mmodzi, wophunzira wake, ndi asilikali osapitirira 8, kufunafuna chuma mumzinda wakale wokutidwa ndi madzi oundana. Imafuna dayisi ya mbali 20, ndili nayo imodzi. Ndipo ili ndi chinthu chimene Yamikani akufuna: dayisi ikaperewera, wamatsenga angathe kulipira ndi moyo wake womwe kuti matsenga adutse, ndipo akalephera kwambiri amadzipweteka. Mtengo wake umaonekera pathupi pake. Palinso Hordes of the Things ya 1991, gulu lonse mapointi 24, wamatsenga amadya anayi mwa amenewo, ndipo akaponya 1 kachiwiri poyesa matsenga amasanduka chule.

Dalitso
Chule ndiumba mawa.

Mphatso
Tisasochere abale, funso la Yamikani silinayankhidwe. Ine maganizo anga ndi awa: matsenga asachoke, koma pa matsenga amodzi munthu asapyole madayisi anayi. Malinga ndi masamu a aphunzitsi, mwayi wa ma 6 awiri utsika kuchoka pa 26 kufika pa 13.

Tadala
Ndi madayisi anayi matsenga akuluakulu azidutsa mwa apo ndi apo, chifukwa nambala yofunika kuti adutse ndi yokwera. Ndiye kuti mwawapha osanena. Ine ndikanakonda madayisi akhale 6 momwemo, koma ukaponya matsenga a nambala 6 ndipo akubwerera, pasakhale chotchinga chilichonse. Ulipire basi. Lamulo limeneli likupweteka ine ndemwe kuposa wina aliyense, koma ndikuona kuti ndi lolungama.

Chisomo
Nanga bwanji titati matsenga amodzi asaphe anthu opitirira 10 pa gulu?

Aphunzitsi a Kamwendo
Ayi Chisomo, limenelo ndiye lingabweze zigulu zikuluzikulu zija. Wa anthu 60 sangaopenso kanthu.

Blessings wa ku Joni
Ine ndili ndi Tadala. Komanso musaiwale kuti m'bukumo muli Dispel Scroll, chikalata chosukulutsa matsenga amodzi popanda dayisi, kamodzi pa masewera onse. Pa ma 6 awiri sichigwira, koma pa Throne of Vines chikanagwira. Yamikani, gulu lako lili ndi wamatsenga woti achinyamule?

Yamikani
Ndilibe. Mapointi onse ndinathera pa mikondo ndi akavalo.

Blessings wa ku Joni
Ndiye unapita kumunda nthawi ya dzinja wopanda ndi thumba lomwe lofunda. Umba mmodzi wamng'ono, ntchito yake ikhale kutsirika anzake basi.

Madala Jere
Timvane chonchi. Loweruka likubwerali ndidula pulayiwudi ina, mafiti 6 kwa 4 ngati yoyamba ija, kuti matebulo akhale awiri. Yamikani ndi Tadala abwereze nkhondo yomweyo pa lamulo la Tadala. Mphatso ndi Chisomo asewere pa lamulo la madayisi anayi. Aphunzitsi alembe zimene zichitike pa gawo lililonse la matsenga, tidzakambirane tili ndi pepala m'manja. Tiyambe 9 koloko, ndipo mubwere ndi majuzi, chisanu cha kuphiri chayamba kutsika.

Mphatso
Ndidzabwera ndi tepi yachiwiri yoyezera, ija ya mainchesi.

Yamikani
Chabwino madala, ndidzayesa, ngakhale mtima wanga sunavomere kwenikweni. A mikondo ndiwagawa pawiri, 20 uku 20 uku, apakavalo adzazungulire kumanzere kukafuna wamatsenga wa achemwali. Mayi a Dalitso, uvuni muyatsa liti? Ndili ndi kadole kamodzi kofunika kuotcha Lachisanu lisanafike, kogwira ndodo, koma ndodoyo ikumathyoka ikamauma.

Nangozo
Ndiyatsa Lachinayi m'mawa. Ndodoyo usaumbe ndi dongo, siya kabowo m'dzanja, tikaotcha udzalowetsemo waya wa sipoko ya njinga. Ubwere nako Lachitatu madzulo kayambe kauma pamthunzi.